Chifuwa Chisamveke M'nyumba ya Madamu

Ku Irene, dera la anthu olemera kufupi ndi Pretoria, ntchito ya m'nyumba siipezeka pogogoda. Mageti ake ndi a alonda ndi makamera, ndipo munthu wopanda womudziwa m'katimo amabwerera ndi fumbi lake lomwelo. Ntchito kumeneko imayenda pakamwa. Madamu akafuna munthu wina amafunsa wantchito wawo wakale, wakaleyo n'kubweretsa wake, wa kutchalitchi kapena wa kwawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwo amakhala pachingwe chimodzi ngati mbuzi zopita kumsika. Watsopano akasowetsa supuni, wakuba amakhala amene anamubweretsa. Akachotsedwa, kawirikawiri sapita yekha. Paja amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Ku Irene zimapota mpaka munthu kutuluka pageti chikwama chili pamutu.

Keresia ankazidziwa zimenezi kuposa aliyense, poti anatha zaka khumi ndi zitatu m'nyumba imodzi akuona anzake akubwera ndi kupita. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wa maondo otupa, wobadwira pakomponi ya mgodi ku Zimbabwe. Bambo ake anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo anafera pamgodi pomwepo osabwererako. Ku Zimbabwe ankamutcha Mubhurandaya, ndiye kuti wa ku Blantyre, mzinda umene sanauonepo ndi maso. Ku Malawi kunalibe ngakhale mmodzi woti angamulandire katundu. Komponi ija inatha, nyumba zake anthu anasasula malata. Kwawo kwa Keresia, tikanena mosapsatira, kunali kachipinda ka kuseri kwa galaji ya madamu: bedi, hita, wailesi, ndi zenera loyang'ana pachingwe choyanikira zovala.

Kachipinda kameneka ndi kamene kanayamba kugwedezeka chaka chimene madamu anabereka. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, kakhanda kopepuka ngati paketi ya shuga, ndipo madokotala anachenjeza kuti mapapo ake ndi osakhwima. M'nyumbamo munakhazikika lamulo limodzi loposa onse: wa chifuwa kapena chimfine asalowe. Mayi awo a madamu enieniwo anabwezedwa pakhomo tsiku lina chifukwa choyetsemula kawiri. Pamwamba pa izo, Keresia akupukuta magalasi anamva madamu pafoni akukamba za kampani ina yopereka olera ana, atsikana a masatifiketi, ogonera konko. Makutu a wantchito sapita kutchuthi. Wogonera konko akanafuna chipinda, ndipo chipinda chinalipo chimodzi.

Tsiku lomwelo Keresia anauza madamu kuti asavutike ndi makampani, iye ali naye munthu: mtsikana waukhondo, wopemphera, wodziwa ana, woti azibwera m'mawa n'kumapita madzulo. Madamu anati amuyesa sabata imodzi, Lolemba mpaka Lachisanu. Akalephera ayitana a kampani aja, ndipo za chipindacho adzakambirana.

Munthuyo anali Malita wa ku Thyolo, amene ankaimba naye kwaya kutchalitchi cha Amalawi m'tauni ya Pretoria. Malitayo ankakhala m'kanyumba ka malata ku Hammanskraal, kutali kumpoto, kumene madzi a pampopi anthu amayamba awayang'anitsitsa asanamwe. Mwamuna wake anapita ku Cape Town kukasaka maganyu, foni yake n'kuzima mpaka lero. Chaka chimene kunabuka kolera kumeneko mwana wake Tisungeni, wa zaka ziwiri, anatsegula m'mimba Lachiwiri, Lachinayi n'kuikidwa. Malita anakhala miyezi osadya, osasamba, osayankha moni, mpaka mayi wina woyandikana naye nyumba anamukokera kukiliniki. Kumeneko anamupatsa mapiritsi a maganizo, limodzi m'mawa uliwonse. Anamuthandiza ndithu. Anayambanso kusamba, kenako kuimba. Kutchalitchi sanauzeko munthu.

Lamlungu lake mapemphero atatha, ali pamasitepe a tchalitchi, Malita anatulutsa kapaketi ka mapiritsiwo m'chikwama n'kufunsa ngati kuli bwino kuwauziratu madamu. Keresia anakaphimba ndi dzanja ngati waona njoka.

"Iwe, mutu wako ukugwira? Madamu akaona izi aona wamisala, ndipo wamisala samupatsa mwana. Apa pali dzina lako ndi chidindo cha kukiliniki. Ukakhuthulire m'botolo la vaselini, paketiyi ukaotche. Akufunse madamu, akufunse dokotala, akufunse mngelo Gabirieli, iwe sumwa mankhwala alionse. Wamva?"

Malita anati wamva, Amayi.

Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda bwino kwambiri. Khanda lija, limene linkalira m'manja mwa aliyense, linkangoti kufika pachifuwa pa Malita basi tulo. Madamu, amene ankagwira ntchito yawo pakompyuta m'chipinda cham'mwamba, ankatsika mwakachetechete kudzasuzumira n'kubwerera akumwetulira. Koma Lachiwiri masana Keresia anapeza Malita kochapira zovala atakwirira nkhope m'timalaya ta mwanayo, mapewa akugwedezeka. Akuti pamutu pa khandalo pankanunkhira ngati pa Tisungeni. Keresia anatseka chitseko, n'kumuuza kuti misozi m'nyumba ya eni ake ndi chimodzimodzi kuba, ndipo ngati piritsi limodzi likuumitsa maso mpaka masana ndiye kuti awiri aumitsa mpaka poweruka. Amenewo anati ndi masamu a sitandade wani. Kuyambira Lachitatu Malita ankamwa awiri.

Unali mwezi wa Julaye, ndipo amene anagonapo m'malata ku Joni mwezi umenewo akudziwa kuti chisanu chake chimalowa mpaka m'mano. Malita ankadzuka kusanache, kuotha utsi wa mbaula ya parafini, kukwera takisi ya zenera losatsekeka mpaka m'tauni, kenako ina yopita ku Irene. Lachitatu lomwelo chifuwa chinamugwira, chija chouma, chokanda pammero ngati wameza mankhusu. Anachimeza tsiku lonse. Chikamuposa mphamvu ankathamangira kuchimbudzi n'kugujumula madzi kuti phokoso lake lisamveke. Keresia anamva. Iye ankamva chilichonse.

Antchito a m'mipanda imeneyo ali ndi njira yawo imene amati kutseka chifuwa pageti. Umagula mankhwala a madzi a chifuwa chouma kukhemisi, aja osafuna kalata ya dokotala. Za supuni zolembedwa pabokosi zija ndi za anthu amene akadwala amapatsidwa tchuthi. Wantchito amamwera pabotolo, kugugudiza ataima kuseri kwa mtengo alonda asanamuone, kuti mankhwalawo amusunge mpaka poweruka. Keresia mwiniwake anachitapo zimenezi nyengo zozizira zingapo, ndipo chimene ankamva ndi mutu kupepuka basi. Ndiye anamulangiza Malita bwinobwino, mtundu wa botolo ndi khemisi yake ya pafupi ndi siteji ya matakisi.

Mtsikana wogulitsa kukhemisiko anafunsa ngati pali mankhwala ena amene Malita akumwa, makamaka a maganizo, chifukwa ena sayenderana ndi amenewa. Malita anayang'ana pansi n'kunena kuti palibe.

Lachinayi chifuwa sichinamveke ngakhale kamodzi. Malita anali wina: wolongolola, woseka zosaseketsa, woyenda mothamanga m'nyumba ya eni ake. Chakudya cha masana sanachikhudze, kuchimbudzi anapitako kanayi, ndipo potsuka mabotolo a mkaka zala zake zinkanjenjemera pang'ono. Madamu anauza Keresia kuti mtsikanayo akuoneka kuti wazolowera, nkhope yake yamasuka. Keresia anavomera kuti inde, ndi mwana wansangala kuyambira kale.

Lachisanu, tsiku lomaliza la kuyesedwa, udzu wa pabwalo unali utayera mbuu ndi chisanu, koma Malita analowa kukhitchini thukuta lili kamukamu pamphumi. Anali atamwa mapiritsi awiri aja, ndipo pageti anamaliza zonse zotsala m'botolo. Cha m'ma teni koloko, akutsuka mbale, chifuwa chinamupulumuka kamodzi, chachikulu, chochokera pansi. Onse awiri anaima chilili kumvetsera m'mwamba. Mawu a madamu anapitirira kukamba ndi anthu a pakompyuta kuseri kwa chitseko chotseka.

Keresia anakwera masitepe ndi maondo ake otupawo, analowa kubafa ya eni nyumba, n'kutsegula kabati ya mankhwala imene ankaipukuta Lolemba lililonse. Munali botolo la mankhwala a chifuwa limene abwana, amuna a madamu, anagula chaka chatha n'kungolawa. Analibisa m'thumba la epuloni, n'kukalikhuthulira m'kapu ya tiyi.

"Eish, Amayi, mtima ukundithamanga ngati ndaba," anatero Malita kapu ili m'manja. "Ndipo miyendoyi sindikuimva bwino."

"Imwa. Atsala maola sikisi okha, ukafera kwanu."

Anali mawu ongonena, monga amanenera akuluakulu kwa mwana waulesi. Malita anaseka n'kumwa.

Dzuwa lisanafike pamutu zinthu zinaonekera poyera. Malita ankasintha thewera la mwana koma zala zinkadumpha zokha, osagwira pomata. Nsagwada zinkagundana. Phazi lakumanja linkamenya pansi palokha, pha pha pha, ngati la telala pamakina. Pakati pa maso pakuda paja panakula mpaka diso lonse kuoneka bii, ndipo ankalankhula ndi khandalo mothamanga, akulitchula kuti Tisungeni, akulilonjeza kuti madzi a lero awiritsa. Keresia anamulanda mwanayo n'kumugoneka pakabedi kake, anagwira Malita padzanja, n'kutuluka naye pakhomo la kukhitchini mpaka kuchipinda chake kuseri kwa galaji. Dzanjalo linkatentha ngati chigwiriro cha poto.

Kunjenjemera, mano kugundana, thupi moto: munthu aliyense wa kwathu akaona zimenezo amati malungo. Keresia anati malungo, ndipo ankafunitsitsa kuti akhale malungo, chifukwa malungo alibe mwini wowapalamula. Mankhwala ake ankawadziwa kuchokera kwa mayi ake pakomponi paja: wodwala umamufunditsa mpaka matenda atuluke ndi thukuta. Anamugoneka pabedi, anamufunditsa mabulangete atatu ndi chofunda chokhuthala chimene madamu anamupatsa chitatha ntchito, anatseka zenera, n'kuyatsa hita. Malita anaponda zofundazo n'kuzigwetsa. Keresia anazitola n'kuzipanikiza kunsi kwa matiresi mbali zonse kuti asazichotsenso. Malita anati akupsa, akupempha madzi. Keresia anati kupsako ndiye kuchira kwake, agone pang'ono, pofika folo koloko akhale atadzuka kuti akatsanzike madamu ndi nkhope yabwino. Anakweza wailesi pa nyimbo za Mulungu, anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'epuloni momwe munali botolo lija.

Pabwalo panali Yobu, bambo wowonda wa ku Ntcheu amene ankasamala maluwa ndi kapinga panyumbapo. Ankasesa masamba pafupi ndi galaji, ndipo Keresia atatuluka kukayanika matewera anamupeza ataima, khutu lili kukhoma. M'katimo zidendene zinkamenya thabwa la bedi mosalekeza, kuposa ng'oma ya pawailesi.

"Achemwali, m'chipinda mwanumo mukuphedwa mbuzi kodi?"

"Ndi malungo, Achimwene. Akutuluka thukuta."

"Malungo mu Julaye, ku Pretoria kuno? Udzudzu wake wavala jekete?"

Yobu anati iye malungo amawadziwa, anaikapo abale ake awiri, koma malungo omenya bedi chonchi sanawamvepo. Anati awauze madamu, kapena ayimbire ambulansi, foni iye ali nayo. Keresia anapitiriza kupanira matewera pachingwe, ndipo mosakweza mawu anamufunsa kuti kodi pasipoti yake ija masiku ake anatha chaka chiti. Anamukumbutsa kuti ambulansi ikalowa pageti alonda amalemba mayina a onse opezeka panyumba, ndipo pambuyo pa ambulansi nthawi zina pamabwera galimoto ina ya mabuluu, ya apolisi. Yobu anayang'ana chosesera chake kwa kanthawi. Kenako anapita kumapeto kwa bwalo, kumene kapinga anali atauma kale ndi chisanu, n'kuliza makina otchetchera. Anatchetcha fumbi masana onse.

Keresia anagwira ntchito ya anthu awiri. Anamwetsa mwana, anamuyendetsa paphewa mpaka kugona, anasita malaya a abwana, anapititsa tiyi m'mwamba n'kunena kuti Malita ali kochapira. Cha m'ma thu koloko anapita kukaima pachitseko chake. Kumenya kuja kunali kutachepa, kumangomveka apo ndi apo. Anadziuza kuti tulo tamugwira, ndipo sanatsegule, poopa kumudzutsa. Anadziuza choncho kumene.

Folo koloko itakwana madamu anatsika akudziongola msana. Anati aganiza mokwanira. A kampani aja awayimbira kale kuti asavutike, Malita ayambe Lolemba ngati wantchito wokhazikika, ndipo Keresia akhale m'chipinda chake monga kale. Anafuna kumuuza okha mtsikanayo. Keresia anati mutu unamuwawa pang'ono ndiye wakapuma, amuitana pompano. Podutsa pabwalo maondo ake sankawawa n'komwe. Zinali zitatheka.

Atatsegula chitseko, mpweya wotentha unamumenya kumaso ngati watsegula uvuni. Malita anali chigonere chagada mmene anamusiyira, koma thupi lonse linali gwa ngati thabwa, miyendo itaongoka, zala za kumapazi zitaloza kukhoma. Maso anali otsegula, akuyendayenda okha uku ndi uku osaona kanthu. Milomo inali itang'ambika. Matiresi anali atanyowa ndi thukuta ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Keresia anamuitana dzina kawiri. Anamukhudza patsaya n'kubweza dzanja msanga.

Zimene anachita kenako anazichita mwadongosolo, monga mmene ankakonzera nyumba alendo asanafike. Anazimitsa hita ndi wailesi. Anasolola zofunda zonse n'kuziunjika pakona. Anatsegula zenera. Anapisa m'chikwama cha Malita n'kutulutsa botolo lopanda kanthu lija ndi kabotolo ka vaselini, anaphatikiza ndi la abwana, n'kukazikankhira pansi penipeni pa bini yakuda ya zinyalala, kunsi kwa matewera akuda kumene palibe angapiseko dzanja. Atatha zonsezo m'pamene anakuwa.

Ambulansi inabwera ndi anthu awiri, mwamuna ndi mayi wina wamfupi wa mawu okhuthala. Mayiyo anagwira phazi la Malita n'kulipindira m'mwamba kamodzi, ndipo phazilo linayamba kugunda lokha m'dzanja lake osaleka. Atayang'ana kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi anapukusa mutu. Anadula diresi la Malita ndi sizasi, anaitanitsa matawulo onyowa ndi ayisi yense wa m'firiji ya madamu, n'kumuika m'khwapa ndi m'khosi. Ali chogwada choncho anatembenuka n'kufunsa, m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, kuti anali naye ndani ndipo wamwa chiyani.

Mayiyo anafotokoza. Anati mapazi otere anawaonapo. Kawirikawiri amakhala munthu amene akumwa mapiritsi a maganizo n'kuwonjezerapo mankhwala a chifuwa ochuluka. Awiriwo amakankha chinthu chimodzi cha mu ubongo chotchedwa serotonini mpaka chisefukire, ndipo chikasefukira minofu imagwira ntchito yosapuma, thupi n'kumadziphika lokha. Anati ngati ndi zimenezo anene msanga kuti madokotala asataye nthawi kufufuza zina. Palibe amene amangidwe chifukwa cha mankhwala a chifuwa, anatero, akuyang'ana Keresia.

Madamu anali ataima patali pakapinga, mwana ali paphewa, dzanja lina litaphimba kamutu kake. Nawonso ankayang'ana Keresia.

Mawu ofunikawo anali ochepa, ndipo anali pakamwa pake penipeni. Koma kumbuyo kwa mawuwo kunali mzere wa ena odikira: botolo lochokera m'kabati ya abwana, mapiritsi a m'botolo la vaselini, ndi munthu wa chifuwa amene wanyamula khanda la mapapo osakhwima masiku atatu iye akudziwa. Anadziona ali pageti, chikwama pamutu, alonda akumufunsa kuti takisi yake ndi yopita kuti.

"Mtsikanayu ndimangomudziwira kutchalitchi, Madamu," anatero. "Koma lero m'mawa nditapita kukagula buledi ndinamuona kusiteji ya matakisi akusuta zinthu ndi anyamata aja ogona m'mapaipi. Kaya ndi nyaope, kaya n'chiyani. Nditaona maso ake ndinamulanda mwana msanga n'kumutsekera kuno. Ndinaopa kukudzidzimutsani muli pantchito."

Mayi wa ambulansi uja anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso mulu wa mabulangete pakona ndi hita imene inkalirabe tetete pozizira. Anamunyamula Malita n'kupita naye.

Madamu analira tsiku limenelo, ndipo anagwira manja onse awiri a Keresia, chinthu chimene sanachitepo pa zaka khumi ndi zitatu. Anati wapulumutsa mwana wawo. Anati mlendo sadzakhudzanso khandalo, kaya wa kampani kaya wa kutchalitchi. Azilera ndi Keresia yekha, zokolopa apezera wina wobwera kawiri pasabata. Loweruka galimoto inabweretsa matiresi atsopano, akadali m'pulasitiki. Yobu anathandiza kuwalowetsa m'chipindamo osapereka moni, n'kutulutsa akalewo kukawataya.

Panatsala chinthu chimodzi chokha, pakamwa pa Malita. Anakhala masiku asanu ndi anayi m'chipinda cha odwala mwakayakaya pachipatala china cha boma, akupumira makina. Uthenga utafika kudzera kwa azimayi a kwaya woti watsitsimuka ndipo akulankhula, madamu anati mwina ndi bwino apite akamuone, kapena alankhule ndi madokotala, amve chenicheni chimene anasuta pafupi ndi mwana wawo. Keresia anati asadzivutitse, zipatala zimenezo n'zodzaza chifuwa chachikulu, apita yekha Lamlungu adzawauza zonse.

Anapita atavala yunifomu ya chigwirizano, bulauzi yoyera ndi duku, atanyamula malalanje m'jumbo. Nesi wa pakhomo la wodiyo anati malalanje ayi, impso za wodwalayo sizingawalandire. Atamva kuti ndi mayi ake a kutchalitchi anamufotokozera pang'ono. Madokotala anachizindikira okha chimene chinachitika poona mapazi aja, ndipo m'magazi simunapezeke za nyaope zilizonse. Akanabwera naye masana omwewo kunjenjemera kutangoyamba, bwenzi atatuluka patatha masiku awiri akuyenda yekha. Koma maola amene anakhala akupsa aja anaphwanya minofu, zophwanyikazo n'kukatseka impso. Tsopano magazi ake akusefedwa ndi makina katatu pasabata, ndipo ngati impsozo zidzadzuke palibe akudziwa. Chodabwitsa, anatero nesiyo, n'choti mwiniwakeyo akukanitsitsa kuti sanamwe mankhwala alionse.

Malita anali pabedi la kuzenera, atatha ngati chitsa chopserera, paipi italowa m'khosi. Ataona Keresia anayesa kudzuka kuti apereke ulemu koma analephera.

"Amayi, andifunsa katatu," ananong'ona. "Sindinanene."

Keresia anakhala pampando n'kumufunsa zimene akukumbukira za Lachisanu lija. Zinali zochepa. Ankakumbukira akutsuka mbale, kenako kutentha, kenako nyimbo. Ankakumbukiranso kuti Amayi anamugoneka pabedi pawo penipeni n'kumufunditsa mabulangete awo onse, m'chisanu chija, ndipo anati sadzaiwala chifundo chimenecho. Anapuma pang'ono, akusonkhanitsa mpweya. Anati akachira akufuna akafike kwa madamu, akapepese pothawa ntchito tsiku lomaliza, mwina akamumvera chisoni. Kenako anafunsa chimene chinkamudya mumtima masiku onsewo.

"Kodi ndinatsokomola?"

Keresia anayang'ana jumbo ya malalanje pamiyendo pake. Munthu amene sakudziwa cholakwa chake amayendayenda, amafunsa, amagogoda pamageti. Wodziwa kuti analakwa amakhala pansi.

"Unatsokomola. Pankhope pa mwana penipeni, madamu akuona. Mwanayo wagona kuchipatala masiku atatu, pang'ono n'kupita."

Malita anatseka maso. Misozi inatsika m'mbali kulowa m'makutu, poti analibe mphamvu yotukula dzanja kuti aipukute. Anati iye akudziwa mmene zimawawira, iye amene anaika wake, ndiye n'kukachitanso zimenezo kwa mayi mnzake. Anati waipitsa dzina la Amayi amene anamukhulupirira, amene anamutola pamene panalibe womutola. Anapempha kuti amukhululukire.

Keresia anamusiya alire kaye mpaka mpweya unamuthera.

"Ndakukhululukira, mwana wanga. Madamu ankafuna apolisi, ine ndagwada mpaka aleka. Koma usadzayimbe foni kumeneko, usadzafike pageti paja, ndipo nkhani imeneyi isadzatuluke pakamwa pako, kaya kwa madokotala, kaya kukwaya. Ukaitulutsa, ine sindidzathanso kukuteteza."

Malita analonjeza, ndipo anathokoza. Keresia anamugwira pamphumi, panali pozizira tsopano, n'kupemphera pemphero lalifupi lopempha Mulungu kuti akhululukire mtsikanayu monga anthu amukhululukira. Atati ameni anayang'ana wotchi ya pakhoma, anatola malalanje ake, n'kutuluka mofulumira kukafuna takisi. Mwana wa madamu ankasamba faivi koloko, ndipo tsopano womusambitsa anali iye yekha.